Mizere iwiri ikutanthauzanji? Mafunso ndi mayankho pa zoyezera magazi za pompopompo

Mafunso ali pansipa ndi omwe timamva tsiku ndi tsiku pabenchi ya panja pa labotale kuno ku Dedza. Amachokera kwa amayi obwera kusikelo, kwa abambo omwe achita kukokedwa ndi akazi awo, ndiponso kwa anyamata a kabaza omwe akufuna tiwabaye chala msanga abwerere pasiteji. Ena amafunsa mokweza, ena amadikira kaye kuti anthu achepe. Tayamba ndi mafunso apafupi, ovutirapo ali kutsogolo. Pomwe yankho lakhudza kumwa kapena kusiya mankhwala, mawu omaliza ndi a adokotala omwe akukuonani maso ndi maso.

Ma antibody n'chiyani? Kodi ndi omwe aja timati asilikali a m'thupi?

Ndi apachibale, koma si amodzi. Asilikali a m'thupi ndi maselo oyera a m'magazi, monga ma CD4 omwe ambiri tinawadziwira ku kiliniki ya ma ARV. Ma antibody ndi zida zomwe ena mwa asilikaliwo amasula akakumana ndi mdani. Chida chilichonse chimasulidwa molingana ndi mdani mmodzi, ngati kiyi ndi loko wake: antibody wa chikuku sagwira kachirombo ka HIV, wa HIV sagwira ka chindoko. Kachidutswa ka kachirombo komwe antibody amakagwirako timakatcha antigen.

Pali zinthu ziwiri zoti musunge. Choyamba, thupi silisula zidazi tsiku lomwelo mdani walowa. Pamapita masiku, nthawi zina milungu. Chachiwiri, nkhondo ikatha thupi silitaya zidazo. Zina limasunga miyezi, zina moyo wonse. Mafunso ambiri ali m'munsimu gwero lake ndi zinthu ziwiri zimenezi.

Kapulasitiki kakang'ono kaja kamadziwa bwanji kuti munthu akudwala?

Mkati mwake muli kapepala komwa madzi. Tikadontheza magazi ndi timadzi tina totchedwa buffer, zimayenda pakapepalapo mmene parafini amakwerera pachingwe cha koloboyi. Panjira magaziwo amatenga tinthu ta utoto tomwe tinaikidwamo kufakitale. Patsogolo pali mzere wosaoneka ndi maso womwe unapakidwa msampha. Ngati chomwe tikufunacho chili m'magazimo, chimakodwa pamsamphapo limodzi ndi utoto uja, mzere n'kuonekera. Ngati mulibe, utoto umangodutsa.

Nzeruyi si yadzana. Njira ya mu labotale yotchedwa ELISA anaitulukira Eva Engvall ndi Peter Perlmann ku Stockholm mu 1971. Mu 1975 ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi ochuluka zedi, ofanana ndendende, ndipo ntchitoyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1984. Popanda iwo, sibwenzi mlangizi wa zaumoyo akuyeza malungo pakhonde la kiliniki ya m'mudzi ku Mayani popanda magetsi.

Kodi zoyezera zonsezi zimafufuza chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezekera, chifukwa timapulasitikito timaoneka tofanana.

Mbuzi ikasowa m'khola usiku, pali njira ziwiri zodziwira kuti kunabwera fisi. Mukhoza kuona mapazi ake pansi, kapena kupeza ubweya wake utakodwa pamtengo wa khola. Zoyezera zina zimafufuza mapazi, kutanthauza ma antibody omwe thupi lanu lasula: zoyezera HIV zomwe timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, za chindoko, za hepatitis C. Zina zimafufuza ubweya, kachidutswa ka mdani weniweniyo, ndipo ma antibody opangidwa kufakitale ndi omwe amakhala msampha: za malungo, za hepatitis B, za COVID-19 zopisa m'mphuno zija. Choyezera mimba chili m'gulu lachiwirili, ngakhale kuti chomwe chimagwira si mdani.

Mapazi amakuuzani kuti fisi anafika, koma sakuuzani ngati akadali pafupi. N'chifukwa chake mizere iwiri pa choyezera china imatanthauza "muli nako", pomwe pa china imangotanthauza "munakumanapo nako".

Mzere umodzi, mizere iwiri, mzere wozimiririka: ndiwerenge bwanji?

Pakapulasitikipo pali zilembo ziwiri, C ndi T. Yambani ndi mzere wa pa C. Umenewo ndi umboni woti magazi ayenda bwino mpaka kumapeto. Ukapanda kuoneka, choyezeracho chafa. Kaya pa T patuluka chiyani, timataya n'kutenga china. Pa C pokha ndiye kuti chomwe timafufuza sichinapezeke. Pa C ndi pa T ndiye kuti chapezeka.

Mzere wa pa T ngakhale ukhale wotuwa chotani, umawerengedwa. Kutuwa kwake sikutanthauza kuti matenda ndi ochepa, ndipo kufiira kwambiri sikutanthauza kuti mwatsala pang'ono kufa. Tinamvapo bambo wina akutonthoza mnzake kuti "kako n'kongoyamba kumene, taona mzere wake". Zimenezo n'zabodza.

Nthawi nayo ili ndi malire. Pa zoyezera HIV, Determine timawerenga pakatha mphindi 15, Uni-Gold pakatha 10, OraQuick (cha m'kamwa) pakatha 20 koma osapitirira 40. Mukaona tikuyang'ana wotchi m'malo moyang'ana inu, si mwano. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo choyezera chomwe chagona usiku chikhoza kutulutsa kamzere konama pouma, choncho musakachitole m'bini mawa lake n'kuyamba kulira.

N'chifukwa chiyani poyeza HIV munandiyeza katatu? Simunakhulupirire choyamba chija?

Kubwalo la amfumu mlandu waukulu sagamula ndi mboni imodzi. Choyezera choyamba chinapangidwa kuti chikhale chatcheru kwambiri, chisaphonye munthu yemwe ali ndi kachirombo. Utcheru umenewo uli ndi mtengo wake: mwa apo ndi apo chimakuwa pomwe palibe mbala, chifukwa ma antibody a matenda ena akodwa pamsampha mwangozi.

Tingoyerekeza. Tinene kuti choyezera chimalakwitsa kamodzi pa anthu 100 alionse omwe alibe kachirombo. Mukayeza anthu 1,000 otere, anthu 10 muwauza zabodza. Kale, pomwe anthu ambiri obwera kudzayezetsa ankapezekadi nako, anthu 10 amenewo ankakhala ochepa poyerekeza ndi opezeka nako enieni. Lero ambiri omwe ali ndi kachirombo akudziwa kale ndipo ali pa mankhwala, moti opezeka nako atsopano achepa, ndiye olakwiridwa aja amakhala gawo lalikulupo. Poona zimenezi, bungwe la WHO mu 2019 linalangiza maiko kuti munthu asauzidwe kuti ali ndi HIV mpaka zoyezera zitatu zosiyana zitavomerezana. Kuno kwathu kwa zaka zambiri tinkagwiritsa ntchito ziwiri, Determine kenako Uni-Gold. Tsopano panaonjezedwa chachitatu.

Choyamba chikaonetsa mzere umodzi, nkhani yathera pomwepo, pokhapokha ngati muli m'nyengo yomwe tafotokoza m'funso lotsatirali. Zikatsutsana, sitikuuzani kuti muli nako kapena mulibe. Timakupatsani tsiku lobweranso, ndipo malangizo a WHO amati pakatha masiku 14. Tikudziwa kuti milungu iwiri imeneyo tulo sitibwera. Komabe n'kwabwino kusiyana ndi kuyamba mankhwala a moyo wonse pa umboni wa mboni zokangana.

Ndinagona ndi munthu mosadziteteza Loweruka. Ndikayezetsa Lolemba ndidziwa?

Simudziwa za Lowerukalo. Zotsatira za Lolemba zikuuzani mmene munalili miyezi yapitayo. Monga tanenera poyamba paja, thupi limatenga nthawi kuti lisule ma antibody: ambiri amayamba kuoneka pakatha milungu itatu kapena inayi, ena amachedwa mpaka miyezi itatu. M'nyengo imeneyi munthu akhoza kukhala ndi kachirombo kochuluka zedi m'magazi, n'kupatsira ena mosavuta, choyezera chikuonetsa mzere umodzi.

Koma bweranibe Lolembalo, ndipo musadikire kuti ntchito ya kumunda ithe. Pali mankhwala otchedwa PEP omwe amatha kuletsa kachirombo kukhazikika ngati mwayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa pafupifupi mwezi wathunthu. Kuyamba msanga ndiye kumathandiza kwambiri. Izi zikukhudzanso aliyense wogwiriridwa, mwana kapena wamkulu: thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Aphungu adzakuuzani tsiku lodzayezetsanso.

Choyezera cha m'kamwa chija: ndiye kuti HIV imakhala m'malovu?

Ayi. OraQuick sifufuza kachirombo. Imafufuza ma antibody omwe amatsikira m'timadzi ta m'nkhama. N'chifukwa chake mumapaka kankhafi kaja m'nkhama, m'mwamba kamodzi m'munsi kamodzi, osati kulavulira. Kudyera mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi kapena kupsompsonana sikufalitsa HIV.

Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira kuyesa njira yodziyeza wekhayi, ndipo yathandiza kwambiri abambo omwe safuna kuonedwa pamzere. Koma ndi mboni yoyamba chabe. Mizere iwiri ikatuluka kunyumba, bwerani tidzatsimikize ndi magazi monga tafotokozera pamwambapa. Ndipo ngati muli kale pa ma ARV, choyezerachi si chanu. Werengani funso lotsatirali.

Ndakhala pa ma ARV zaka zambiri. Nditapemphereredwa ndinadziyeza, panatuluka mzere umodzi. Kodi ndachira?

Funso ili ndi lomwe latilanda anthu ambiri omwe tinkawadziwa, ndiye tiliyankha mosapsatira. Simunachire. Musasiye mankhwala.

Chimachitika n'chakuti ma ARV akamwedwa mokhulupirika amapondereza kachirombo mpaka kutsala kochepetsetsa m'magazi. Thupi likakhala zaka osaona mdani poyera limachepetsa kusula zida, ma antibody n'kutsika. Mwa anthu ena, makamaka omwe anayamba mankhwala atangotenga kumene kachirombo ndiponso ana omwe anayamba ali makanda, amatsika mpaka choyezera kulephera kuwagwira. Cha m'kamwa ndiye chimaphonya msanga, chifukwa m'nkhama ma antibody amakhala ochepa kusiyana ndi m'magazi. Mzere umodzi umenewo ukhoza kukhala chizindikiro choti mankhwala akugwira ntchito, osati choti kachirombo katha. Kamakhala katabisala m'maselo ena a m'thupi, ndipo mukasiya kumwa kamabwereranso m'magazi pakangopita milungu yochepa.

Chimodzimodzi ndi mawu oti "sikakuoneka" pa zotsatira za viral load. Kuyeza kumeneko n'kwa mtundu wina, kowerenga kachirombo kenikeniko ndi makina, osati ma antibody. "Sikakuoneka" ndi nkhani yabwino kwambiri: thupi lanu likupuma, ndipo munthu yemwe kachirombo kake sikakuoneka sapatsira mnzake pogonana. Koma kakusowa chifukwa cha mankhwala omwe mukumwa m'mawa uliwonse.

Ambiri mwa ife timapemphera, ndipo sitiletsa munthu kupita kukapemphereredwa. Chomwe timakana ndi kutaya botolo m'chimbudzi. Timawaona akubwerera patatha chaka, atanyamulidwa pa njinga, mutu ukuwawa koopsa, khosi litauma. Ngati munasiya kale, bweraninso. Palibe yemwe akulandeni buku.

Chinanso: musapite kuchipatala china kukayezetsa ngati munthu watsopano pofuna "kuona ngati kakadalimo". Mukatiuza zoona kuti muli pa mankhwala, tidziwa kuyeza koyenera.

Ndili ndi kachirombo ndipo ndabereka. Bwanji mwana simukumuyeza ndi choyezera chomwe munandiyezera ine?

Chifukwa chikhoza kuyankha za inu, osati za iye. Mwana ali m'mimba, mayi amamupatsira ma antibody ake kudzera m'nsengwa kuti amuteteze miyezi yoyambirira. A HIV nawo amadutsa, ngakhale kachiromboko kasanadutse, ndipo amatha kukhala m'magazi a mwana mpaka miyezi 18. Mizere iwiri pa khanda imangotiuza kuti mayi ake ali ndi kachirombo.

Choncho mwana akakwana milungu 6 timamubaya kachidendene kapena chala, n'kudontheza magazi pakapepala kapadera. Amenewo amayezedwa ndi makina a PCR omwe amafufuza kachirombo kenikeniko. Kenako amayezedwanso pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24, chifukwa nthawi yonse yomwe akuyamwa mpata wotenga umakhalapo, ngakhale ndi wochepa kwambiri mayi akamamwa mankhwala bwino. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachirombo, ndondomeko yotchedwa Option B+ yomwe maiko ena anadzatengera kuno. Agogo, chonde musaletse mpongozi kubweretsa mwana pa miyezi 24 poti "anamuyeza kale".

Ine andipeza nako, akazi anga alibe, chonsecho takhala limodzi zaka 10. Choyezera chalakwitsa?

Nthawi zambiri sichinalakwitse. Mabanja otere alipo ambiri, chifukwa kachirombo sikafala pa kugonana kulikonse. Komanso zotsatira sizinena kuti kanalowa liti kapena kanachokera kwa ndani, choncho si umboni wokatulutsa kwa ankhoswe. Yemwe alibe adzayezedwenso pa tsiku lomwe wapatsidwa, ndipo afunse za PrEP, mankhwala oteteza munthu yemwe alibe kachirombo kuti asatenge. Zotsatira za mkazi si za mwamuna. "Mayi anayezetsa kusikelo, ndiye ine ndili bwino" ndi mawu omwe timawamva pafupifupi sabata iliyonse.

Ndamaliza LA sabata yatha, koma choyezera chikuonetsabe malungo. Mankhwala sanagwire?

Mwina anagwira bwinobwino. Zoyezera malungo zomwe zafala m'zipatala zathu kuyambira 2011 zimagwira kachidutswa kotchedwa HRP2, komwe kamachokera ku tizirombo ta Plasmodium falciparum, mtundu womwe umadwalitsa anthu ambiri m'Malawi. Tizirombo tikafa, kachidutswako kamatsalira m'magazi milungu iwiri, itatu, nthawi zina kupitirira mwezi. Fisi anaphedwa, koma ubweya ukadali pakhola.

Ndiye ngati mwamaliza LA ndipo mukupeza bwino, palibe chifukwa choyezetsanso. Ngati thupi likutenthabe, uzani adokotala tsiku lomwe munamwa LA, ndipo onetsani buku. Pamenepo choyenera ndi kupaka magazi pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, pomwe timaona tizirombo tenitenito ndi maso. Adzakufunsaninso ngati munamwa maulendo onse 6 m'masiku atatu, ngati simunasanze, ndiponso ngati munadya kanthu kamafuta pomwa, monga phala la nsinjiro, poti LA amalowa bwino m'thupi ndi chakudya chotere.

Thupi likutentha, mutu ukuwawa, koma akuti malungo mulibe ndipo andikaniza LA. Si nkhanza zimenezi?

M'Chichewa kutentha thupi kulikonse timati malungo, ndipo vuto limayambira pamenepo. Chimfine, chibayo, zilonda za kukhosi, matenda a m'chikhodzodzo, typhoid ndi matenda oumitsa khosi, zonsezi zimatenthetsa thupi, ndipo LA sachiza ngakhale chimodzi. Kumwa LA pa chibayo ndi kutaya masiku atatu omwe mwana akanalandira mankhwala oyenera.

Boma lathu lino lili pawiri. Kumtunda kuno, ku Dedza boma komwe ndi pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndi ku Bembeke, kumazizira ndipo udzudzu umachepa. Mwana wotentha thupi mu June nthawi zambiri chimakhala chifuwa. Mukatsika chitunda cha Golomoti kupita ku Mtakataka ndi kunyanja, nkhani imasintha. Ndiye mukafunsidwa ngati munayendako masiku apitawa, yankhani bwino. Maliro omwe munakagonera kunyanja milungu iwiri yapitayo ndi ofunika kuwatchula.

Choyezera chikhoza kuphonya ngati tizirombo tikadali tochepa kwambiri. Kutentha kukapitirira masiku awiri, bweraninso. Koma mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akamalephera kuyamwa kapena akangoti lefuu, musadikire mawa, kaya choyezera chinati chiyani.

Kusikelo andipeza ndi chindoko, koma ndinabayitsa kale zaka zapitazo. Chabwereranso?

Choyezera cha pompopompo sichingasiyanitse. Chimafufuza ma antibody omwe mwa anthu ambiri amakhala moyo wonse, ngakhale atachira. Pali kuyeza kwina kwa mu labotale, RPR kapena VDRL, komwe mphamvu yake imatsika munthu akachira. Komwe kulipo kumathandiza kusiyanitsa chakale ndi chatsopano.

Kwa mayi woyembekezera, anamwino nthawi zambiri sadikira zimenezo, ndipo ife timagwirizana nawo. Chindoko chimapha mwana m'mimba, chimabadwitsa mwana masiku asanakwane kapena wodwala, pomwe jakisoni wa benzathine penicillin ndi wotchipa ndipo amateteza mwanayo. Amawawa, sitikana. Bambo nawo abwere adzabayitse, apo ayi mayi atenganso.

Hepatitis B ndiye chiyaninso? Ine maso anga si achikasu.

Ndi kachirombo kotupitsa chiwindi, ndipo ambiri omwe ali nako saona chizindikiro chilichonse kwa zaka zambiri. Chikomekome cha mkuyu. Kamafala kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, pakati pa ana aang'ono, pogonana, ndiponso pobwerekana malezala, kuphatikizapo otemera mphini. Choyezera chake chimagwira kachidutswa ka kachiromboko kotchedwa HBsAg, ndiye mizere iwiri ikutanthauza kuti kalimo panopa. Akuluakulu ambiri omwe atenga kumene amakagonjetsa okha. Kakapezekabe patatha miyezi 6, ndiye kuti kakhazikika, ndipo chiwindi chiyenera kumaonedwa chifukwa mapeto ake akhoza kukhala kuuma kwa chiwindi kapena khansa.

Katemera wake ali m'gulu la katemera wa ana wa pa milungu 6, 10 ndi 14 kuyambira 2002, choncho ambiri obadwa chisanafike chaka chimenecho sanalandire. Mankhwala a tenofovir, omwe ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa, amaponderezanso hepatitis B. Kwa munthu yemwe ali ndi tizirombo tonse tiwiri, kusiya ma ARV kukhoza kudzutsa matenda a chiwindi mwadzidzidzi.

Kukiliniki yolipira anandiyeza magazi n'kundiuza kuti ndili ndi typhoid. Ndikhulupirire?

Funsani kuti anayeza ndi chiyani. Ngati ndi Widal, tengani zotsatirazo mosamala. Njirayi ndi ya mu 1896, ya dokotala wa ku France Georges-Fernand Widal, ndipo imafufuza ma antibody. Kuno ambiri tinakumanapo ndi tizirombo ta typhoid kapena abale ake tili ana, ndiye mapazi alipo kale; malungo nawo amatha kuichititsa kuonetsa zabodza. Zotsatira zake n'zakuti anthu ambiri amagula maantibayotiki omwe sakuwafunikira. Njira yodalirika ndi kumeretsa tizirombo tochokera m'magazi mu labotale, zomwe zimatenga masiku ndipo zimachitika m'zipatala zikuluzikulu. Typhoid ilipodi m'dziko muno, n'chifukwa chake katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2023; chomwe tikukayikira ndi choyezeracho, osati matendawo.

Nanga TB mungaione m'magazi?

Ndi ma antibody ayi. WHO inaletsa zoyezera zotero mu 2011 chifukwa zinkanama mbali zonse ziwiri. Chifuwa chachikulu timayeza makhololo, makamaka ndi makina a GeneXpert. Wina akakuuzani kuti wakupezani ndi TB pobaya chala, sungani ndalama zanu.

Pali zoyezera ziwiri za pompopompo zomwe timagwiritsa ntchito kwa anthu omwe ali ndi HIV ndipo chitetezo chatsika kwambiri, monga CD4 ikatsika pansi pa 200. China ndi LAM, chogwira kachidutswa ka TB mumkodzo. China ndi CrAg, chogwira kachidutswa ka cryptococcus, yemwe amayambitsa matenda oumitsa khosi aja tawatchula pa nkhani yosiya mankhwala. CrAg imatha kumugwira m'magazi mutu usanayambe n'komwe kuwawa.

Gulu la magazi mumalidziwa bwanji, ndipo bwanji simungompatsa wodwala magazi a m'bale wake?

Apanso ndi ma antibody. Timadontheza magazi anu pa timadzi ta anti-A, anti-B ndi anti-D, n'kuona pomwe agwirana timibulu ngati mkaka wosasa. Magulu a A, B ndi O anawatulukira Karl Landsteiner mu 1901. La AB linapezeka chaka chotsatira. Munthu wa gulu O ali ndi ma antibody olimbana ndi A ndi B, moti kumupatsa magazi a gulu A kukhoza kumupha. Ubale sutsimikiza gulu: ana a mimba imodzi amatha kusiyana.

Thumba lililonse la magazi liyeneranso kuyezedwa HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko lisanapachikidwe, ntchito yomwe bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limagwira pa magazi omwe limatolera m'masukulu ndi m'mipingo. Mafunso ochititsa manyazi omwe amakufunsani musanapereke magazi amabwera chifukwa cha nyengo ija yomwe ma antibody sanayambe kuoneka.

Mayi yemwe magazi ake ndi Rh negative (osagwirana timibulu pa anti-D), omwe ndi osowa pakati pa ife, auze anamwino pa mimba iliyonse. Pali jakisoni wa anti-D yemwe amaperekedwa pasanathe maola 72 atabereka, woteteza ana obwera m'tsogolo.

Choyezera mimba cha kufamase n'chodalirika?

Inde, mukachigwiritsa ntchito pa nthawi yake. Chimagwira hCG, yomwe thupi limatulutsa mimba ikakhazikika. Dikirani tsiku lomwe mumayembekezera kusamba lidutse, ndipo gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa. Mukapita padera, mizere iwiri imatha kuonekabe kwa milungu ingapo. Mizere iwiri pamodzi ndi kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena kapena kutaya magazi ndi nkhani ya kuchipatala usiku womwewo, chifukwa mimba ikhoza kukhala itakhala panja pa chiberekero.

Kodi mowa, chakudya, Panado kapena mankhwala azitsamba zingasinthe zotsatira?

Pa zoyezera za kuchala zomwe tatchulazi, ayi. Idyani musanabwere, anthu okomoka pabenchi yathu ambiri imakhala njala, osati magazi omwe tatenga. Kumwa madzi a mandimu kapena adyo sikubisa HIV. Pa choyezera cha m'kamwa pokha, dikirani mphindi 15 mutadya kapena kumwa.

Zomwe zimaonongadi choyezera ndi kutentha, chinyezi ndi kutha kwa masiku. Zambiri zimafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 30, ndipo bokosi lomwe lakhala padzuwa pamsika wa pa Chimbiya kapena m'sitolo ya malata ku Golomoti mu October ladutsa pamenepo kalekale. Onani deti pa paketi, onani ngati sinabooke, ndipo musalole kuti wina adontheze madzi wamba m'malo mwa buffer, kapena buffer wa choyezera china.

Ndilipira zingati, ndipo ndani aone zotsatira zanga?

M'zipatala za boma kuyeza konseku n'kwaulere. M'zipatala za mishoni za CHAM zina mumalipira, koma kuyezetsa HIV ndi ma ARV n'zaulere kumenekonso. Zotsatira za HIV ndi za inu ndi omwe akukuthandizani kuchipatala. Sitiuza amuna anu, apongozi, abusa kapena abwana anu popanda chilolezo chanu. Wachinyamata wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kuyezetsa HIV payekha, ngakhale timakonda atabwera ndi wamkulu yemwe amamukhulupirira.

Ngati pachipatala chapafupi pakugwira ntchito mwana wa achemwali anu ndipo mukuchita manyazi, muli ndi ufulu wopita pena; ambiri a ku Linthipe amayezetsa kuboma, a kuboma amapita kwina. Abale athu a tsidya la malire ku Angónia nawonso amabwera, ndipo chomwe timawapempha ndi kubweretsa buku kapena botolo la mankhwala omwe analandira kwawo, kuti tidziwe poyambira. Funso lomwe silinayankhidwe pano mukhoza kulifunsa kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena kuimba foni ku Chipatala Cha Pa Foni.